Kuphunzira munthu utakula kale: phindu lake n'lotani kwenikweni?

Mayi Telala:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso limene landisowetsa tulo. Ndadutsa zaka 50, ntchito yanga ndi yosoka, ndipo madzulo ndayamba kuphunzira kusunga mabuku a ndalama pa kompyuta komanso Chifalansa pang'onopang'ono. Mwana wanga wachisamba, mwaulemu ndithu, anandifunsa kuti: “Amayi, zimenezi mudzapita nazo kuti? Pa msinkhu wanuwu ndani angakulembeni ntchito?” Ndinasowa chomuyankha. Ndiye ndikufunsa inu anzanga: kupatula ntchito ndi satifiketi, munthu wamkulu amapindulanji akamaphunzirabe? Ndikufuna mayankho ogwirika, osati aja akuti “maphunziro ndi ofunika” basi. Amenewo ndinawamva kale ndili mtsikana.

Makaniko Wokayika:
Mayi, ndiyambe ine, koma ndikhala mbali ya mwana wanuyo, mundikhululukire. Masiku ano mawu akuti munthu aziphunzira moyo wake wonse asanduka malonda. Aliyense akugulitsa kosi. Ndikudziwa anthu amene sutikesi yawo yadzaza masatifiketi koma moyo wawo uli pomwepaja. Nthawi imene mukukhala pa kompyutayo bwenzi mutamaliza malaya a kasitomala, kapena mutagona n'kupumitsa msana. Ine ndimati munthu aziphunzira chimene chikumuvuta lero. Zinazo n'zongodzisangalatsa.

Wa Makompyuta:
Pa nkhani ya makosi achimwene a Makaniko sakunama. Coursera ndi edX, masamba a pa intaneti ophunzitsa makosi, zitayamba mu 2012 anthu ena ankati mayunivesite atha ntchito. Koma mu 2019 ofufuza a ku yunivesite ya MIT ku America atawerengera anthu olembetsa makosi a MIT ndi Harvard pa edX, anapeza kuti m'chaka cha 2017 mpaka 2018 omaliza anali pafupifupi 3 pa anthu 100 alionse. Kungoti ine sindiona kuti otsalawo onse anataya nthawi. Wina amalowa akufuna chinthu chimodzi chokha, tinene mmene angawerengetsere phindu pa Excel, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengetsera. Akachipeza pa phunziro lachitatu amatseka n'kukayamba kuchigwiritsa ntchito. M'kaundula amulemba kuti sanamalize, chonsecho chimene anabwerera wachitenga.

Namwino wa Usiku:
Ndilowepo ndi za ubongo, poti ndiyo mbali imene ndimaitsatira. Kale anthu ankakhulupirira kuti ubongo wa munthu wamkulu susinthanso, umangotha pang'onopang'ono. Zimenezo zinatsutsika.

Chitsanzo chotchuka ndi cha madalaivala a matakisi akuda a ku London. Kuti munthu apatsidwe chiphaso choyendetsa matakisi amenewa amayenera kuloweza misewu pafupifupi 25,000 ya m'kati mwa mzindawo, kuphatikizapo mahotela, zipatala, makhoti ndi malo ena masauzande. Ambiri zimawatengera zaka zitatu kapena zinayi akuzungulira pa njinga yamoto, mapu ali kutsogolo. Pa mayeso amangokuuza kuti undichotse apa ukandisiye apo, iwe n'kutchula pamtima msewu uliwonse ndi pokhotera paliponse.

Mu 2000 Eleanor Maguire wa ku University College London anajambula ubongo wa madalaivalawa ndi makina a MRI. Anapeza kuti mbali yakumbuyo ya hippocampus, kachigawo ka ubongo kothandiza kukumbukira malo ndi njira, inali yaikulu kuposa ya anthu ena, ndipo inali yaikulu kwambiri mwa amene anayendetsa takisi zaka zambiri. Amenewatu sanali ana a sukulu, anali azibambo akuluakulu.

Makaniko Wokayika:
Nanga ngati anabadwa nayo yaikulu kale, n'chifukwa chake anakhoza mayesowo?

Namwino wa Usiku:
Funso limenelo eni akewo anadzifunsanso, achimwene. Maguire ndi mnzake Katherine Woollett anatenga anthu amene anali kungoyamba kumene kuphunzira misewuyo, anawajambula, n'kudzawajambulanso patapita zaka zitatu kapena zinayi. Zotsatira zinatuluka mu 2011. Poyamba panalibe kusiyana pakati pawo. Pomaliza, amene anakhoza ndi amene mbali ija inakula, amene analephera kapena kusiyira panjira sanasinthe.

Koma ndisabise mbali ina. Okhoza aja atawayesa kukumbukira chojambula chovuta chosakhudzana ndi misewu, sanachite bwino poyerekeza ndi anthu wamba. Ubongo umakula pa chimene ukuuzoloweza, sikuti ukaphunzira chimodzi ndiye wachenjera pa zonse. Ndipo zimabwerera m'mbuyo. Ku Germany mu 2004 anaphunzitsa anthu kuponya timipira titatu m'mwamba n'kumatiwakha mosinthanitsa. Patatha miyezi itatu mbali ya ubongo yotsatira zinthu zoyenda inakula, atasiya kwa miyezi ina itatu inayambanso kuchepa.

Mayi Telala:
Ndiye kuti Excel yangayi sindithandiza kukumbukira kumene ndaika tepi yoyezera? Ndimaifuna nyumba yonse ili m'khosi mwanga momwe.

Gogo wa Zidzukulu:
Ana anga ine ndilemba pang'ono, zala zanga zimachedwa. Za ubongozo sindizidziwa. Ine sindinapite kusukulu ndili mwana. Ndaphunzira kuwerenga ndili ndi zidzukulu kale, pa sukulu ya akuluakulu.

Ndikuuzeni mmene zinalili. Uthenga ukabwera pafoni ndinkadikira mwana abwere kusukulu andiwerengere. Mchemwali wanga akalemba za kudwala kwake, matenda a amayi oti mwana sayenera kumva, ankawerenga ndi mdzukulu wanga wamwamuna, mokweza, akuseka pa mawu amene sakuwadziwa. Nambala yachinsinsi ya ndalama zanga inkadziwika ndi anthu atatu. Mankhwala ndinkawazindikira ndi mtundu, oyera m'mawa, achikasu usiku. Tsiku lina anandipatsa a kampani ina, onse oyera, ndinangokhala nawo m'manja.

Lero ndimawerenga ndekha. Mochedwa, chala chili pa mawu, koma ndekha. Mchemwali wanga amandilembera zimene akufuna. Palibe anandilemba ntchito, mayi. Mwana wanuyo mumuuze kuti pali zinthu zimene munthu safuna kupempha.

Wa Makompyuta:
Agogo, mwandigwira mtima. Zikomo kwambiri.

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi a zidzukulu anena chimene ine ndikanachizungulira ndi mawu ambiri. Andikumbutsa Kimani Maruge wa ku Kenya. Boma la dzikolo litachotsa fizi ku pulayimale mu 2003, mkuluyu anakalembetsa kalasi yoyamba mu 2004 ali ndi zaka 84, atavala kabudula wa yunifolomu, ndodo ili m'manja, n'kukhala pakati pa tiana. Zifukwa zimene ankapereka zinali zosavuta kumva: ankafuna kudziwerengera yekha Baibulo komanso kudziwa kuwerengetsa ndalama zake. Mu 2005 anafika mpaka ku New York kukalankhula ku United Nations za maphunziro aulere. Anamwalira mu 2009 asanamalize pulayimale. Munthu wowerengetsa phindu ndi malipiro anganene kuti anangotaya zaka zisanu. Ine sindingayerekeze kunena zimenezo.

Ndaphunzitsa ana, ndaphunzitsanso akuluakulu. Chimene chimagwetsa akuluakulu si mutu wouma ayi, ndi manyazi. Mwana akalakwa yankho amaseka, patapita mphindi ziwiri dzanja lili m'mwamba kachiwiri. Munthu wamkulu, makamaka amene kwawo kapena kuntchito anazolowera kufunsidwa nzeru, akalakwa kamodzi pamaso pa anthu mawa simumuonanso, amatumiza uthenga woti watanganidwa. Amene amapirira miyezi yoyamba ija amatuluka ndi chinthu chimene sichilembedwa pa satifiketi: amatha kunena kuti “sindikudziwa, tandionetsani” nkhope isanagwe. Ndaona azibambo aukali akufewa m'nyumba zawo chifukwa cha zimenezi. Munthu amene dzulo lomweli wavutika ndi masamu a magawo sakalipira mwana wolephera masamu mmene ankachitira kale.

Makaniko Wokayika:
Aphunzitsi, za agogozo ndavomereza ndi manja awiri. Koma mwaona kuti zikugwirizana ndi mfundo yanga? Agogo anaphunzira chimene chinkawavuta. Maruge chimodzimodzi. Chifalansa cha mayi a Telala chikuchotsa vuto lanji?

Mayi Telala:
Palibe vuto limene chikuchotsa, bambo. Ndimangochikonda mmene chimamvekera. Tsiku lonse ndimachita zofuna anthu ena: uyu akufuna diresi lifupike, uyo zipi yaduka, ana akufuna ichi, mpingo ukufuna icho. Kanthawi ka madzulo kaja n'kokhako kamene sindikutumikira aliyense. Kodi zimenezo n'zochititsa manyazi?

Kalaliki Wopuma:
Sizochititsa manyazi mpang'ono pomwe, mayi. A Makaniko akadali pa ntchito, sakudziwa chimene chikuwadikira. Ukapuma ntchito mwezi woyamba umakoma. Kenako umazindikira kuti anthu amene unkati ndi anzako anali anzako a pa desiki, foni imasiya kulira, Lachiwiri silisiyana ndi Loweruka. Ine chimene chinandidzutsa ndi kagulu kophunzira kuwerenga manotsi a nyimbo. Mawu anga si abwino, musandiitane pa ukwati. Koma ndili ndi kopita, ndili ndi choti ndikonzekere, ndipo ndikajomba pali anthu ofunsa kuti bwanji.

Zoterezi anzathu ena anazipangira dongosolo kalekale. Mu 1973 ku Toulouse, ku France, Pierre Vellas anayambitsa yunivesite ya anthu opuma ntchito. Maganizowo atafika ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anawasintha: kulibe mayeso, kulibe digiri, mamembala amaphunzitsana okhaokha. Amene anali injiniya lero akuphunzitsa za nyenyezi, mawa wakhala pansi akuphunzira kujambula kwa amene anali wosoka.

Phindu Lachangu 100%:
*[Uthengawu wachotsedwa]*

Woyang'anira Gulu:
Otsatsa makosi olemeretsa munthu pa sabata imodzi, pano si pamsika. Ndachotsa. Tipitirize.

Makaniko Wokayika:
Mwaonatu zimene ndimanena zija, abwera okha.

Dalaivala wa Mathiraki:
Ine ndili ndi funso kwa anamwino, ndipo ndikulifunsa ndi mtima wowawa. Anthu amati ukamawerenga ndi kuphunzira sudwala matenda oiwala a ukalamba aja. Bambo anga anali munthu wa mabuku, nyuzipepala sinkawadutsa, zilankhulo ankalankhula zingapo. Koma pomaliza sankandizindikira, ankandifunsa kuti ndine mwana wa ndani. Ndiye chitetezo chimene mumanenacho chili pati?

Namwino wa Usiku:
Pepani kwambiri, achimwene. Aliyense wokuuzani kuti kuphunzira kumatsekereza dementia, matenda oiwala amene mukunenawo, akukunamizani. Chimene ofufuza amaona n'chakuti pa gulu lalikulu la anthu, amene anaphunzira kwambiri ndi amene amagwiritsa ntchito mutu pa zinthu zovuta amadwala ochepa kapena amachedwa kuonetsa zizindikiro. Zimenezo n'za gulu, si lonjezo kwa munthu mmodzi.

Yaakov Stern wa ku Columbia University ndi mmodzi mwa amene anafotokoza bwino chifukwa chake. Matendawa amawononga ubongo mosasankha, koma ubongo wozolowera ntchito zovuta umapeza njira zina zochitira chinthu chomwecho pamene mbali ina yawonongeka. Munthu amaoneka bwinobwino kwa nthawi yaitali matenda ali m'kati. Chowawa chake n'chakuti zizindikiro zikadzaonekera, anthu otere nthawi zambiri amatsika mofulumira, chifukwa matendawo amakhala atapita kale patali. N'kutheka kuti mabuku aja anapatsa bambo anu zaka zina zabwino zimene inu munakhala nawo osadziwa kuti n'zowonjezera.

Komanso maphunziro ndi chinthu chimodzi mwa zambiri. Akatswiri a bungwe lopangidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet anatchula mu 2020 zinthu 12 zotheka kuzisintha zimene zimakhudza pafupifupi 40 peresenti ya odwala dementia. Mu 2024 anawonjezera zinakwana 14, n'kufika 45 peresenti. M'menemo muli kusaphunzira mokwanira pa ubwana, inde, koma mulinso kusamva bwino, kusaona bwino, kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, mowa wambiri, kuvulala m'mutu, kungokhala osalimbitsa thupi, ndi kukhala wekhawekha. Munthu wowerenga mabuku koma osayezetsa BP wasamala mbali imodzi yokha.

Dalaivala wa Mathiraki:
Zoti mwina anapindula zaka zina sindinaziganizirepo. Zikomo, achemwali.

Wa Makompyuta:
Ndiwonjezere chenjezo pa timasewera ta pafoni timene amati timanola ubongo. Mu 2016 kampani yopanga masewera a Lumosity inavomera kulipira madola 2 miliyoni ku bungwe la boma la America loona za malonda, FTC, chifukwa chotsatsa kuti masewera ake amateteza ku kuiwala ndi dementia popanda umboni wokwanira. Ukasewera kwambiri umakhala katswiri wa seweralo, basi.

Namwino wa Usiku:
Eya. Ndipo pali kafukufuku wina amene mayi a Telala angamukonde. Denise Park wa ku University of Texas at Dallas anatenga anthu a zaka 60 mpaka 90 n'kuwagawa m'magulu. Ena anaphunzira kujambula ndi kamera n'kukonza zithunzizo pa kompyuta, ena kusoka zofunda za tizigamba pa makina, maola pafupifupi 15 pa sabata kwa miyezi itatu. Ena ankangokumana kucheza ndi kupita kokayenda, ena ankakhala kunyumba kumvera nyimbo ndi kuchita timafunso tosavuta. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2014: amene kukumbukira kwawo kunapita patsogolo ndi aja ankalimbana ndi luso latsopano lovuta. Kutanganidwa kokha sikunakwanire.

Kwa inu mayi kusoka sikungakuchitireni zimenezo, mumasoka maso ali kwina. Chimene chikukutulutsani thukuta ndi Chifalansacho.

Makaniko Wokayika:
Ndiye mukuti chinthu chikamandipweteka mutu ndiye kuti chikugwira ntchito? Akanandiuza kale bwenzi ndisakutukwana magalimoto atsopanowa.

Chabwino, ndinene zanga. Ine ndinaphunzira ntchito pa magalimoto a kabuleta. Injini ndinkaimvera ndi khutu, n'kudziwa kuti vuto ndi mapulagi kapena mafuta akuchuluka. Kenako kunabwera magalimoto a masensa. Kuyambira 1996 galimoto iliyonse yogulitsidwa ku America inkayenera kukhala ndi pobayira makina oyezera, OBD-II, ndipo m'kupita kwa nthawi zinafalikira ponseponse. Anzanga ena anakana, ankati za makompyuta n'za ana. Lero amangosintha matayala ndi mabuleki. Ine ndinakhala pansi kwa mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira sipanala, iye n'kumandionetsa kuwerenga makodi. Tsiku loyamba anaiwala n'kundiuza kuti “ayi, osadina pamenepo” ndi mawu omwe aja ndinkamukalipira nawo. Tonse tinangoyang'anana. Panopa kwabweranso magalimoto a batire, mawaya ake a mtundu wa olenji ukawagwira mosadziwa amakupha, ndiye ndayambiranso.

Koma mfundo yanga sindikuisiya. Ine ndikuphunzira kuti ndisafe ndi njala.

Mphunzitsi Wopuma:
Musaisiye, bambo, ndi mfundo yabwino. Kungoti njala si yam'mimba yokha. Akaidi a ku ndende ya Robben Island ku South Africa ankaphunzitsana mbiri, ndale, zilankhulo ndi masamu akuswa miyala, ena a iwo atalamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse. Panalibe ntchito yowadikira kunja. Nelson Mandela anamaliza digiri yake ya zamalamulo ndi yunivesite ya UNISA mu 1989, ali ndi zaka 70, akadali mkaidi. Munthu amene amulanda chilichonse, nthawi yodzuka ndi yogona akumusankhira ena, amatsala ndi mutu wake, ndipo kuphunzira ndi njira yokanira kuti nawonso asautenge. Mayi a Telala sali m'ndende, koma kanthawi ka madzulo kamene anena kaja ine ndikukamva mwa mtundu womwewo.

Mayi wa Ana Anayi:
Zonsezi n'zokoma kumva, koma tinene chilungamo. Nthawi yake ichokera kuti? Ine ndikaweruka kuntchito ndimayamba ntchito ina ya pakhomo, komanso ndikusamala apongozi odwala. Ndikatsegula buku maso amatsekeka okha. Ndiye ukamawerenga kuti anthu opambana amaphunzira tsiku lililonse umangodziona ngati waulesi. China chimene palibe wanenapo: si nyumba zonse zimene zimakondwera mayi akayamba kudziwa zambiri. Mnzanga wina atayamba kalasi yamadzulo, bambo a kunyumba kwake anayamba kufunsa kuti akufuna kuposa ndani. Mabuku ankasowa m'nyumba mosadziwika bwino. Anasiya.

Kalaliki Wopuma:
Zimenezo zimachitikadi, ndipo amuna tiyenera kuchita nazo manyazi. Kwa inu mayi, kusamala wodwala pakokha kwakuphunzitsani zinthu zimene ife sitizidziwa: kumutembenuza kuti asatuluke zilonda, mankhwala, kulankhula ndi madokotala. Nyengo zimasiyana. Ina ndi yongopirira, mabuku adzakupezani.

Mayi wa Ana Anayi:
Zikomo bambo, koma “adzakupezani” ameneyo ndi amene anauzidwanso amayi anga, mpaka anapita.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwayankha zoona, mayi, ndipo sindikupatsani mawu otonthoza. Ndingokuuzani chimene chimathandiza munthu wa nthawi yochepa, chifukwa ambiri amawononga ngakhale yochepayo ndi njira zosagwira.

Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anadziyesa yekha poloweza timawu topanda tanthauzo, n'kupeza kuti zambiri zimathawa m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. Ukabwereza chinthu patapita nthawi, chimakhalitsa kuposa ukachibwereza kakhumi nthawi imodzi. Zili ngati njira ya m'tchire: kuipondaponda tsiku limodzi lokha sikuletsa udzu kumera, koma kudutsamo kawirikawiri. Choncho mphindi khumi lero, khumi mkuja, khumi sabata yamawa, zimaposa Loweruka lathunthu la kamodzi pa mwezi. Kwa munthu wotanganidwa umenewu ndi uthenga wabwino.

Chachiwiri, tsekani buku mudzifunse. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge. Ena anaiwerenga mobwerezabwereza, ena anaiwerenga n'kuyesa kulemba zimene akukumbukira osayang'ana. Atawayesa patangopita mphindi zisanu, obwereza kuwerenga aja anapambana. Patapita sabata zinatembenuka, odzifunsa aja anawasiya kutali. Kuwerenga kachiwiri kumanyenga, mawu amaoneka odziwika ndiye umaganiza kuti walowa. Kudzifunsa kumawawa, koma kungachitike manja ali m'madzi otsukira mbale.

Ndipo tulo musatione ngati mdani. Zimene waphunzira masana zimakhazikika ukagona. Kudula tulo kuti uwerenge n'kudzibera wekha.

Mayi Telala:
Aphunzitsi, nanga zoti mutu wa munthu wamkulu umachedwa kugwira? M'kalasi mwathu muli atsikana amene amamva kamodzi basi, ine mpaka katatu.

Mphunzitsi Wopuma:
Liwiro limatsikadi, sindingakunamizeni. Mu 2015 Joshua Hartshorne ndi Laura Germine anayesa anthu masauzande ambiri a misinkhu yosiyanasiyana, n'kupeza kuti kufulumira kugwira zinthu zatsopano kumafika pachimake munthu ali ndi zaka 18 kapena 19. Koma kudziwa mawu ambiri ndi matanthauzo ake kumakwerabe mpaka zaka za m'ma 60. Palibe msinkhu umene munthu amapambana pa zonse. Atsikanawo akuposani kuthamanga. Inu mukuwaposa pokhala ndi pokoleka zimene mukumvazo. Akamaphunzitsa za ngongole ndi katundu wotsala, iwo akuloweza mawu, inu mukuona nkhope ya kasitomala amene anatenga suti osamaliza kulipira. Funsani kachitatu komweko osaopa, paja safunsa anadya phula.

Makaniko Wokayika:
Funso lomaliza kwa a Makompyuta. Panopa foni ikuyankha chilichonse, ikumasulira zilankhulo, ikulemba makalata. Bwanji osangoifunsa m'malo movutika kuloweza?

Wa Makompyuta:
Ndikubwezereni funsolo, achimwene. Makina anu oyezera aja akalemba kuti sensa ya mpweya ili ndi vuto, mumangogula sensa ina?

Makaniko Wokayika:
Ayi ndithu. Nthawi zambiri sensayo ilibe mlandu. Mwina paipi yang'ambika penapake ikuyamwa mpweya, mwina waya wadyeka, mwina ekizozi ikutayikira. Osadziwa amasintha sensa, nyali ija n'kuyakanso mawa lake, kasitomala walipira ulele.

Wa Makompyuta:
Ndi zomwezo. Mapulogalamu oyankha mafunsowa amayankha molimba mtima ngakhale pamene akulakwitsa, ndipo yankho labodza limaoneka laudongo mofanana ndi loona. Amene akudziwako kanthu amaima n'kunena kuti apa pakununkha. Amene sakudziwa amangomeza. Ine ndimawagwiritsa ntchito tsiku lililonse, koma pa zinthu zimene ndingathe kuwagwira bodza. Komanso n'chimodzimodzi ndi mauthenga akuba aja, oti mwapambana mphoto tumizani nambala yanu yachinsinsi. Munthu amene anaphunzirako mmene zinthuzi zimayendera sagwidwa msanga.

Mayi wa Ana Anayi:
Za kudzifunsa manja ali m'madzizo ndiyesa. Koma ngati pali wina pagulu pano amene akuphunzira za kasamalidwe ka okalamba kapena masamu a bizinesi yaing'ono, tipange kagulu kapadera, tizifunsana mafunso awiri atatu madzulo. Ndekha ndikudzidziwa, ndisiya.

Mayi Telala:
Masamu a bizinesiwo ndilembeni ine.

Gogo wa Zidzukulu:
Ndawerenga zonse, zanditengera nthawi. Mwana wanga wa Makompyuta, zilembo za foniyi n'zazing'ono, maso akuwawa. Pali pokulitsira? Undiuze ndipange ndekha, usanene kuti ndipatse mwana.

Wa Makompyuta:
Palipo agogo. Pitani pa kachizindikiro kooneka ngati gudumu la mano, ndiye Settings. Mukatsegula fufuzani mawu akuti Display, mudine. M'menemo muona Font size kapena Text size, pali kamzere kokhala ndi kadontho. Kokerani kadonthoko kudzanja lamanja, zilembo zizikula mukuona. Mafoni amasiyana pang'ono, ndiye mukasochera mundiuze mawu amene mukuwaona pamenepo, tipitirire limodzi.

Namwino wa Usiku:
Mukatero mukayezetsenso maso, agogo. Mwina ndi magalasi owerengera chabe amene akufunika, koma ngati mukuona ngati chifunga ngakhale masana, akaone ngati si ng'ala. Imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi.